Funsani Azakhali: Ndapirira mpaka ndatopa, nditani?

Makalata amene afika mwezi uno ambiri akulira chinthu chimodzi, anthu mwatopa. Wina ntchito sikupezeka, wina geni yagwa, wina mwana walakwa mayeso. Ndasankhapo asanu, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse ndipo ena ndawafupikitsako chifukwa cha malo.

Azakhali,
Ndine mnyamata, sukulu ndinamaliza kalekale ndithu ndipo dipuloma yanga yangokhala mu envulopu. Makalata ofunsira ntchito ndalemba osawerengeka, ambiri samayankha nkomwe, pena amandiitana ku intavyu ndie ndimabwerako ndi chimwemwe koma mapeto ake foni siilira. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu mkalasi pano ali pantchito, ena akwatira, ndikatsegula Facebook ndimangoona zithunzi zawo mtima nkumandiwawa. Aliyense amangoti sunga khosi mkanda uoneka, nthawi yako ikubwera. Azakhali nthawi yakeyo ndi iti? Pano olo ndimve kuti penapake akufuna anthu sindilembanso, ndimangoti bola ndigone. Kodi ndine waminyama?
*Wotopa*

Mwana wanga, za kusunga khosi wamva zokwanira ndie ine sindibwerezanso. Ndikufuna ndiyambe ndi zimene wanena kumapetoko, zoti olo umve za ntchito sulembanso, chifukwa pamenepo ndi pamene pandidetsa nkhawa kuposa nkhani ya dipulomayo.

Mu 1967 akatswiri awiri a za maganizo, Martin Seligman ndi Steven Maier, anachita kafukufuku pa agalu ku yunivesite ya Pennsylvania ku America. Agalu ena ankawagwiritsa shoko yamagetsi imene sakanatha kuithawa olo atatani, kenako nkuwaika mu bokosi momwe kuthawa kunali kophweka, kungodumpha kampanda kakafupi basi. Ambiri mwa agalu amenewo sanadumphe, anangogona pansi nkumalira, pomwe anzawo amene sanakumanepo ndi shoko yosathawika ija ankadumpha msangamsanga. Nkhanza zimenezo ine sindiziyamikira, komanso sindikukufanizira ndi galu ayi, ndikungofuna uone kuti chimene chikukuchitikiracho chili ndi gwero lake lodziwika, si ulesi ndipo si minyama. Munthu ukagogoda zitseko zambiri osakutsegulira, dzanja limayamba kulemera lokha, mpaka chitseko chosakiya umachidutsa osayesa nkomwe.

Agalu aja anachira. Kuwaitana ndi kuwanyengerera sikunathandize kwenikweni, anachita kuwakoka nkuwadutsitsa pa kampanda kaja mobwerezabwereza mpaka anaona okha kuti eti kusuntha kumathandiza. Mu 2016 akuluakulu awiri omwewa, atafufuza mmene ubongo umagwirira ntchito, analembanso kuti kungoti zii osachita kanthu ndi mmene thupi limachitira palokha mavuto akatalika, chimene ubongo umachita kuphunzira ndi choti pali chimene ndingachitepo. Ndie usadikire kuti chiyembekezo chibwere kaye kenako udzuke. Dzuka uchite kanthu kakang'ono kamene zotsatira zake uziona ndi maso ako, mtima umatsatira pambuyo.

Tsopano tenga pepala tione pamene zikuduka. Pa makalata amene ukukumbukira, ndi angati amene unaitanidwa? Ngati ambiri sakuyankhidwa nkomwe ndie vuto lingakhale pa CV ndi kalatayo, ndipo ndikukayikira kuti ukutumiza kalata imodzimodzi kulikonse nkumangosintha dzina la kampani pamwamba. Munthu amene akusankha makalata mulu wonse amaidziwa kalata yotere akangowerenga mizere iwiri yoyamba. Werenga zimene alemba kuti akufuna, uyankhe zimenezo mmodzi ndi mmodzi, ndi zitsanzo za zimene unachitapo ndi manja ako. Makalata atatu olembedwa bwino pa sabata amaposa makumi awiri ongomwaza. Koma ngati ku intavyu ukufika nkumagwera komweko, imeneyo ndi nkhani ina ndipo ndi yabwinoko, mapepala ako ali bho, chofunika nkukonza kayankhulidwe. Peza munthu amene anakhalapo mbali ya ofunsa mafunso, akufunse ngati zenizeni, udzijambule pa foni kenako udzionere. Zimachititsa manyazi koma uona wekha kuti mwina umayang'ana pansi, kapena funso lalifupi umaliyankha mozungulira mpaka kuiwala chimene anafunsa. Ndipo akakukana, tumiza uthenga waulemu wofunsa chimene unaperewera, ambiri sayankha koma mmodzi akayankha wapeza zimene sukanazidziwa wekha.

China, uza anthu kuti ukufuna ntchito, ndipo uwauze ntchito yake yeniyeni osati kungoti chilichonse. Katswiri wina dzina lake Mark Granovetter anaonetsa mu 1973 kuti mwa anthu amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina, ambiri anaimva kwa anthu ongodziwana nawo patali osati anzawo apamtima. Chifukwa chake nchosavuta, anzako apamtima amamva zomwe iwe wamva kale, koma mphunzitsi wako wakale kapena amene munaphunzira limodzi chaka chimodzi chokha amayenda kumene iwe sufika. Anzako amene ukuwathawa chifukwa cha manyaziwo ndi omwewo amene angakutsine khutu. Komanso pamene ukudikira gwira kenakake, kaya kuthandiza ana masamu poti wati umawadziwa, kaya kudzipereka pa bungwe lina masiku awiri pa sabata, kuti akadzafunsa kuti zaka zonsezi umatani ukhale ndi choyankha.

Wafunsa kuti nthawi yake ndi iti. Palibe angakuuze tsiku, ndipo ndikupempha iwenso usadziikire. James Stockdale anali woyendetsa ndege zankhondo wa ku America amene anagwidwa ku Vietnam mu 1965 nkudzatuluka mu 1973, anazunzidwa koopsa mndendemo. Atafunsidwa kuti ndi akaidi otani amene sanapirire, anayankha kuti ndi aja ankadzilimbitsa mtima ndi madeti, oti pofika Khirisimasi tikhala titatuluka, Khirisimasi nkudutsa, nkunenanso kuti pofika Pasaka, Pasaka nkudutsanso, mpaka mtima kusweka. Iye ankakhulupirira kuti adzatuluka koma sankadzinamiza za mmene zinthu zinalili tsiku limenelo. Ndie deti ika pa zinthu zimene zili mmanja mwako, monga kuti pofika Lachisanu CV ikhale itakonzedwa. Tsiku lolembedwa ntchito lili mmanja mwa ena.

Ndikuuzenso za mayi wina, Katalin Karikó wa ku Hungary. Anapita ku America mu 1985, ankafufuza za mRNA, kachinthu kamene kamanyamula uthenga wouza maselo a thupi zoti apange, pa nthawi imene anthu ambiri ankaona ngati nkutaya nthawi, ndalama za kafukufuku ankamukana mobwerezabwereza mpaka mu 1995 anamutsitsa udindo pa yunivesite. Anapitiriza, mu 2005 iye ndi mnzake Drew Weissman anapeza njira yoti mRNA izilowa mthupi popanda kuyambitsa kutupa koopsa, ndipo nzeru imeneyi ndi imene inadzagwira ntchito pa katemera wa Covid-19 wa Pfizer ndi Moderna. Mu 2023 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Sindikunena kuti aliyense wopirira amafika pamenepo, ndingakhale ndikukunamiza, alipo ambiri olimbikira amene dziko silidzawadziwa. Chimene ndikufuna utolepo nchoti anthu amene ankamukanawo ankalakwitsa, kukanidwa sikutanthauza kuti okukanawo aona zoona zake za iwe. Za Facebook, ichotse kaye mu foni kwa mwezi umodzi, palibe amene amaika chithunzi cha tsiku limene anakanidwa.

Azakhali,
Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa zovala. Geni yoyamba inagwa, ndinatenga loni nkuyambiranso koma panonso ikutsetsereka, katundu akuchepa mshopu pomwe ngongole sindinamalize kubweza. Makasitomala amabwera ndithu, ambiri amatenga pangongole ndipo poti ndi anthu odziwana nawo ndimalephera kuwakaniza. Pali ena akufuna kundipatsa loni ina koma akuti chikole chikhale katundu wamnyumba. Amuna anga akuti ndisiye. Ine ndikuona ngati ndikasiya ndie kuti zaka zonsezi ndi ndalama zonse zija zapita pachabe, komanso anthu andiseka. Si paja amati olimbikira sagonja?
*Mayi wa geni*

Achemwali, loni imeneyo musatenge pakali pano. Ndayamba ndi yankho kuti lisasowe mkati mwa zonena zanga.

Mwati mukasiya ndie kuti ndalama zija zapita pachabe. Ndalama zimenezo zinapita kale, kaya mupitirize kaya musiye sizibwerera chifukwa choti mwakakamira, funso limene lili pamaso panu ndi loti ndalama yatsopano mukaiika mmenemu ibala kapena imira ngati inzake. Msampha umenewu sukola amayi a geni okha. Maboma a Britain ndi France anagwirizana mu 1962 kupanga ndege ya Concorde yothamanga kuposa liwiro la mau, ndalama zinapitirira kutalitali zimene anakonza ndipo zinadzaoneka kuti makampani ambiri a ndege sadzaigula, koma anapitirizabe, mwa zina chifukwa choti anali ataononga kale zambiri ndipo kusiya kukanawachititsa manyazi. Zinapangidwa 20 zokha, zonyamula anthu zinali 14, ndipo mu 2003 inasiya kuuluka. Mpaka lero akatswiri a zachuma amatchula ndege imeneyi akamafotokoza za munthu wothira ndalama pa chinthu chifukwa chongoti anathirapo kale.

Koma sindikunenanso kuti amuna anu alondola. Mmene ndawerengera kalata yanu, geni yanu ili ndi makasitomala, ndipo chimenecho ndi chinthu chovuta kwambiri kuchipeza. Chimene ikusowa ndi ndalama yobwerera mshopu. Inu mukubwereka ndalama ya chiwongoladzanja nkumaibwereketsa kwa anthu mwaulere ngati zovala, ndie mukuwalipirira ngongole anthu amene avala kale nkuchapa. Loni yachitatu ikalowa mmenemo idzatulukira pomwepo.

Gulani kope. Kwa miyezi iwiri lembani chilichonse, chimene mwaoda ndi mtengo wake, chimene mwagulitsa, thiransipoti, lendi, ndi kandalama kalikonse kamene mwatapa mu kabati kukagula zapakhomo, chifukwa ndikukhulupirira kuti pamenepanso pakudontha. Mudziikire malipiro anu pa sabata, akatha atha, mpamba musaukhudze. Tsamba lina lembani onse amene anatenga zovala pangongole, dzina, tsiku ndi kuchuluka kwake, kenako muwayendere mmodzimmodzi mwaulemu nkugwirizana tsiku lobweza olo pang'onopang'ono. Zapangongole zitsekeni, amene akufuna chovala koma ndalama sizinakwane azipereka pang'onopang'ono chovalacho chili mshopu, akamaliza atenge. Ena akwiya, ena asiya kubwera, ndipo mudzaona kuti ambiri mwa osiyawo ndi omwe aja osabweza.

Ndie musanayambe miyezi iwiriyo khalani pansi ndi bambo akunyumba mugwirizane malire, kuti kope likaonetsa phindu lofika pakuti tipitiriza, likapanda kufika titseka kapena tisintha katundu. Malire amenewa aikidwe lero mitima ili mmalo, chifukwa tsikulo likadzafika mtima udzapeza zifukwa zambiri zowonjezerera mwezi wina. Mukadzatseka simudzakhala kuti mwagonja, cholinga chanu chinali kudyetsa ndi kuphunzitsa ana, shopuyo ndi njira imodzi chabe yofikira kumeneko. Luso loodera, kudziwa zimene anthu amakonda, kuyankhula ndi kasitomala, zonsezo muchoka nazo. Oseka aseka sabata imodzi nkupeza nkhani ina, koma mipando ndi bedi la ana zikalandidwa palibe mmodzi wa iwo adzabwere kudzakuthandizani.

Azakhali,
Mwana wanga wamkazi walephera mayeso omaliza a sekondale. Chimene chikundipweteka nchoti mwanayu si waulesi, ndinkamuona ndekha akuwerenga mpaka pakati pa usiku, manotsi ake anawawerenga kambirimbiri. Pano akukana kubwereza, akuti mutu wake ndi wouma basi. Ine ndinamukalipira tsiku limene zotsatira zinatuluka ndipo chiyambire sitikuyankhulana bwino. Ndimulimbikitse bwanji?
*Bambo wodandaula*

Bambo, yambani ndi kupepesa. Mungomuuza kuti ndinakalipa chifukwa ndinakhumudwa koma ndinaona mmene unalimbikirira, basi, osawonjezera ulaliki tsiku limenelo. Mwana amene wagwira ntchito usiku wonse nkulephera amakhala atadzikalipira kale yekha kuposa mmene inu mungachitire.

Kenako pali nkhani yabwino imene mungamuuze, ndipo ndi yoona osati yongomusangalatsa. Mmene mwafotokozeramu vuto likuoneka kuti ndi kawerengedwe. Kubwereza manotsi kambirimbiri kumanamiza, maso amazolowera tsambalo ndie munthu umaona ngati wazidziwa, koma mu mayeso tsamba lija palibe ndipo mutu umangoti mbuu. Mu 2006 akatswiri awiri, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, ena ankaibwereza kuwerenga pomwe ena ankatseka pepala nkulemba zonse zimene akukumbukira. Patangopita mphindi zochepa obwereza aja ndi amene anakhoza bwino, koma patatha sabata zinatembenuka, odziyesa okha aja anakumbukira zambiri kuposa anzawo. Komanso kuyambira kale mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti zimene taphunzira zimauluka msanga kwambiri mmaola ndi masiku oyambirira, ndipo kuzibwerera patapita nthawi mobwerezabwereza kumazikhazikitsa kuposa kuzipanikiza zonse usiku umodzi.

Ndie akabwereza achite chonchi, awerenge mutu umodzi, atseke buku, alembe kapena afotokozere munthu zimene wagwira, kenako atsegule aone pamene waphonya. Mawa lake ayambe ndi kudzifunsa za dzulo, pakatha masiku atatu abwererenso, pakatha sabata chimodzimodzi. Mapepala a mayeso a zaka zammbuyo awalembe ndi wotchi patebulo ngati ali mu holo. Njira imeneyi imawawa chifukwa tsiku lililonse imakuonetsa zimene sukudziwa, ndie mumuchenjezeretu kuti akamva ngati zikuvuta asaganize kuti mutu uja ndi woumadi, ndi mmene zimamvekera zikamalowa. Inuyo mungathandize pogwira buku nkumamufunsa mafunso madzulo, olo phunzirolo musalidziwe. Ndipo azigona, ubongo umasunga zimene waphunzira munthu ali mtulo, kuwerenga mpaka pakati pa usiku kuja kunkamubera zomwe ankafunazo.

Musayembekezere kuti azolowera sabata imodzi. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London, wa mu 2009, anapeza kuti chizolowezi chatsopano chinkatenga masiku pafupifupi 66 kwa munthu wapakatikati, ena 18 okha ena mpaka 254, ndipo kudumphitsa tsiku limodzi sikunkaononga kanthu. Akadzajomba tsiku lina musadzati wayambiranso ulesi. Koma chisankho chobwereza chikhale chake, mupatseni masabata angapo apume, ndipo ngati mtima wake uli pa ntchito yamanja mumvetsereni, imeneyonso ndi sukulu.

Azakhali,
Ndili ndi zaka 52, sukulu ndinasiyira panjira chifukwa cha mimba. Ana akula tsopano ndipo mtima ukufuna ndibwerere ndikamalize koma anthu akuti ndakalamba, ndikakhala bwanji mkalasi ndi adzukulu. Ndachedwa eti?
*Agogo ofuna sukulu*

Mayi, Kimani Maruge wa ku Kenya anayamba sitandade 1 mu 2004 ali ndi zaka 84, boma la kumeneko litachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chaka chotsatira anakayankhula ku United Nations ku New York za maphunziro. Inu mwatsala ndi zaka 32 kuti mufike msinkhu umenewo. Mukayamba chaka chino mudzamaliza muli ndi zaka mwina 55, mukapanda kuyamba zaka 55 zomwezo zidzakwanabe. Fufuzani makalasi a madzulo kapena ophunzira uli kunyumba ngati kukhala ndi ana ang'onoang'ono kukukuvutani, yambani ndi maphunziro awiri kapena atatu osati onse nthawi imodzi, chifukwa miyezi yoyamba mutu umakhala utaiwala kukhala pa buku. Pitani mukalembetse, ndipo mudzandiuze mmene tsiku loyamba layendera.

Azakhali,
Ine ndimakhulupirira kulimbikira. Masana ndili pantchito, madzulo ndimagwira ina mpaka usiku kwambiri, Loweruka ndi Lamlungu chimodzimodzi, chifukwa ndili ndi banja komanso abale ambiri akuyang'ana ine. Tulo ndimagona maola anayi kapena osakwana. Koma miyezi yapitayi mutu ukumandiwawa pafupipafupi, ndikumakalipira ana popanda chifukwa, zimene ndinkazikonda sizikundisangalatsanso olo mpira sindionera. Pena ndikagona ndimaganiza kuti bola ndisadzukenso. Sindinauze aliyense poti mwamuna salira. Ndingatani kuti mphamvu zibwerere ndipitirize?
*Mutu wa banja*

Achimwene, zikomo kwambiri polemba, ndikudziwa kuti sizinali zophweka. Kalata yanu ndaiika kumapeto dala kuti onse amene awerenga za kulimbikira pamwambapa afikenso apa. Inu kulimbikira simukuperewera, mwapitirira muyeso ndipo thupi layamba kukuuzani.

Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi la zantchito la ILO anatulutsa zotsatira zoti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti mu 2016 mokha anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi matenda awiriwa chifukwa cha maola ochuluka a ntchito, ndipo ambiri anali amuna. Inuyo werengani maola anu a sabata yathayi muone pamene muli. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposa, inu mukugona pafupifupi theka lake, ndie kukalipa ndi mutuwo sizodabwitsa. Kukayezetsa BP kusadutse sabata ino.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mau oti bola ndisadzukenso. Kusasangalala ndi zimene unkakonda, kutopa kosatha, kukwiya msanga, maganizo ofuna kufa, zikakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa madokotala amaganizira matenda ovutika maganizo, dipuleshoni. Ine sindingakupimeni kudzera mkalata koma zizindikiro zimene mwatchulazi nzokwanira kuti mukaonane ndi adokotala. Ndi matenda ngati ena onse, amagwira anthu mamiliyoni ambiri padziko lapansi, amuna ndi akazi omwe, olimba ndi opemphera omwe, ndipo amachizika ndi uphungu, pena ndi mankhwala, pena zonse ziwiri. WHO imati chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amadzipha, ndipo amuna ndi amene amachuluka, chimodzi mwa zifukwa zake ndi chomwechi mwanenachi choti mwamuna salira ndie amasenza yekha mpaka kumapeto.

Za abale, muyenera kukhala nawo pansi. Anthu amapempha kwa amene sakana, ndipo ambiri a iwo sakudziwa nkomwe kuti mukugona maola anayi chifukwa inu mumangoti zili bwino. Auzeni zimene mungakwanitse pa mwezi ndi zimene simungathe, ena amene ali ndi manja ayambe kusenzako. Ntchito yamadzulo ija ichepetseni, olo masiku atatu pa sabata poyamba, ndipo tsiku limodzi likhale lopuma lathunthu. Ndalama zichepa inde, ndikudziwa kuti pamenepo ndi pamene pakuopsani, koma yerekezani bajeti ya nyumba yanu mutagona mchipatala miyezi itatu mbali imodzi itafa.

Usiku uno uzani akazi anu kapena mnzanu mmodzi amene mumamukhulupirira mau omwewa mwandilemberawa, ngati pakamwa pakulemera apatseni tsamba lino awerenge okha. Mawa pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mukafotokoze zonse kuphatikizapo maganizo osafuna kudzukawo, musakangotchula mutu wokha. Ngati maganizo amenewo atakula usiku mpaka kuyamba kuganiza njira, musakhale nokha, dzutsani munthu, achotse pafupi chilichonse chimene mungadzipweteke nacho ndipo mupite kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuche. Mukabwerako ndilembereninso, ndikufuna kudziwa zimene adokotala anena.